Nicholas Kove ndi Tindege ta M'kathumba

Nicholas Kove anabadwira ku Hungary m'chaka cha 1891. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anagwidwa natsekeredwa ku Siberia, koma anathawako. Atayendayenda m'maiko angapo, anakhazikika ku London, kumene anayambitsa kampani ya Airfix mu 1939. Poyamba ankapanga zidole zamphira zopopa mpweya, kenaka zipeso zapulasitiki.

Chimene chinakweza kampaniyo chinali mtengo. Eni sitolo za Woolworths anaumirira kuti chidole chigulidwe ndi masheleni awiri basi. Tsono a Airfix anasiya makatoni, nayamba kulongedza tizidutswa m'kathumba, kuti wogula akalumikize yekha ndi guluu. Anayamba ndi kachombo ka Golden Hind mu 1952. Mu 1953 kunatuluka kandege ka Spitfire, ndege ija inatchinjiriza Britain mu 1940, ataichepetsa ka 72. Motero mwana wa mmphawi anatha kugwira m'manja ndege imene ankangoimva m'nkhani za atate ake, ndipo akulu omwe anayamba kusonkhanitsa tindegeto.

Kove anamwalira mu 1958, malondawo akungoyamba kuphuka. Mu 2006 dzina la Airfix linagulidwa ndi kampani ya Hornby.