Winston Field: mlimi wa fodya amene adapambana chisankho, chipani chake nkumutaya

Pa 14 Disembala 1962, ovota a m'dziko la Southern Rhodesia, limene lero ndi Zimbabwe, adagwetsa boma la a Edgar Whitehead ndi chipani chawo cha United Federal Party. Chimene chidapambana ndi chipani cha Rhodesian Front, chimene chidali chisadakwanitse ndi chaka chomwe chikhazikitsidwire. Mtsogoleri wake adali a Winston Joseph Field, mlimi wa fodya wa ku Marandellas, tawuni ya m'chigawo cha Mashonaland imene tsopano imatchedwa Marondera. Iwo adakhala nduna yaikulu kwa miyezi 16 yokha, koma chisankho chimene adapambanacho ndicho chidatsegula njira ya ulamuliro wa a Ian Smith ndi nkhondo yomenyera ufulu imene idatsatira.

A Field adabadwa pa 6 Juni 1904 ku Bromsgrove m'dziko la England, ndipo adafika ku Southern Rhodesia mu 1921 ali mnyamata wa zaka 17. Adayamba ulimi wa fodya m'dera la Marandellas, kumene nthaka yamchenga imayanjana ndi mbewuyi. Ulimi udawakomera kotero kuti kuyambira 1938 mpaka 1940 adali pulezidenti wa bungwe la alimi a fodya la Rhodesia Tobacco Association. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adamenya nawo m'gulu la asilikali a Britain la Durham Light Infantry, kuphatikizapo ku Normandy mu 1944. Nkhondo itatha, dziko la Britain, limene lidalibe madola okwanira ogulira fodya wa ku America, lidayamba kugula fodya wambiri wa ku Rhodesia. Alimi a ku Mashonaland adalemera, ndipo mawu awo adayamba kumveka kwambiri pa ndale.

Chuma chimenechi chidatsamira pa zinthu ziwiri. Choyamba chidali lamulo la malo la Land Apportionment Act la mu 1930, limene lidapatula pafupifupi theka la dziko, kuphatikizapo nthaka yabwino ya kumtunda, kuti likhale la azungu okha. Chachiwiri adali antchito. Popeza Ashona ambiri sankafuna kugwira ntchito ya malipiro ochepa pa malo amene adalandidwa makolo awo, mafamu adadalira anthu ochokera ku Nyasaland, ku Tete m'dziko la Mozambique ndi kummawa kwa Northern Rhodesia. Ena adapita wapansi, ena pa galimoto za boma zaulere zimene anthu ankangozitchula kuti Ulere, ndipo ena adalembedwa ndi bungwe lolemba antchito limene ku Nyasaland linkadziwika kuti Mthandizi. M'makomboni ambiri a m'mafamu, Chinyanja ndicho chidali chilankhulo cha tsiku ndi tsiku, ndipo Gule Wamkulu adafika kumeneko ndi anthu omwewa. Ambiri sadabwererenso kwawo, adasanduka matchona. Anthu amenewa ndiwo ankadzala, kupalira, kuthyola ndi kusankha fodya, koma pa kaundula wa ovota padalibe malo awo, chifukwa kuti munthu avote ankayenera kukhala ndi katundu kapena malipiro okwera ndiponso maphunziro.

Mu Epulo 1953, ovota a ku Southern Rhodesia adavomereza pa riferendamu kuti pakhale Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu akuda amene adali pa kaundula adali mazana ochepa chabe, ndipo anthu a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia, amene mafumu awo ndi atsogoleri awo adachikana poyera, sadafunsidwe nkomwe. Ngakhale pakati pa azungu padali ena amene ankaona kuti boma la chitaganya likufewera anthu akuda. Amenewa adakhazikitsa chipani cha Dominion Party mu 1956, ndipo a Field adakhala mtsogoleri wake. Mu 1957 adapambana chisankho chapadera cha ku Mrewa, dera lina la ku Mashonaland, nalowa m'nyumba ya malamulo ya chitaganya. Kumeneko adatsogolera mbali yotsutsa boma la a Roy Welensky.

Mpata waukulu udadza ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko a mu 1961. Malamulowa adakhazikitsa mipando 65 ya aphungu. Mipando 50 idali yosankhidwa makamaka ndi ovota a pa kaundula A, amene ambiri adali azungu, ndipo 15 idali ya kaundula B, wa anthu a chuma ndi maphunziro ocheperapo. Chipani cha a Joshua Nkomo cha National Democratic Party chidaoneka ngati chavomereza poyamba, kenako chidakana, nkuchititsa voti yakeyake m'makomboni a m'matawuni imene idakana malamulowo. Pa riferendamu ya boma ya pa 26 Julaye 1961, ovota pafupifupi awiri mwa atatu alionse adavomereza. A Whitehead adaona ngati azungu awapatsa chilolezo chosintha zinthu.

Apa mpamene adalakwitsa kuwerenga mitima ya anthu. Azungu ambiri adavomereza malamulowo pokhulupirira kuti akuchepetsa mphamvu za London pa nkhani za m'dzikomo, osati chifukwa chofuna kugawana ulamuliro. A Whitehead adayambitsa kampeni yolimbikitsa anthu akuda kulembetsa m'kaundula, nalonjezanso kuti akapambana adzathetsa lamulo la malo la mu 1930 ndi malamulo ena a tsankho. Koma boma lawo lomwelo lidaletsa chipani cha a Nkomo mu Disembala 1961, nkuletsanso cholowa m'malo chake, ZAPU, mu Sepitembala 1962. Atsogoleri a anthu akuda adauza owatsatira kuti anyanyale chisankho, ndipo ambiri adamvera.

Mu Malichi 1962, otsalira a Dominion Party adagwirizana ndi ena amene adatuluka m'chipani cholamula, monga a Ian Smith, nakhazikitsa Rhodesian Front. Ndalama zambiri zoyendetsera chipanichi zidachokera kwa alimi olemera, makamaka a Douglas Lilford, amene adali ndi famu kufupi ndi Salisbury. A Field adasankhidwa kutsogolera chifukwa adali munthu wolemekezeka, wosapsa mtima pagulu, amene akadachotsa mantha mwa ovota a m'tawuni okayikira chipani chatsopanocho. Uthenga wa kampeni udali wosavuta kumva: lamulo la malo likhalebe, azungu asakakamizidwe kusakanikirana ndi anthu akuda m'masukulu ndi m'malo okhala, ndipo ulamuliro usachoke m'manja mwawo msanga. Zimene zinkachitika ku Congo kuyambira 1960, ndi kupambana kwa Malawi Congress Party ku Nyasaland mu Ogasiti 1961, zidawonjezera mantha amene uthengawu udadalira.

Rhodesian Front idapeza mipando 35, yonse ya kaundula A. United Federal Party idapeza 29, ndipo mpando umodzi udapita kwa phungu woima payekha, Dr Ahrn Palley. A Field adapambana ku Marandellas, ndipo pa 17 Disembala adakhala nduna yaikulu. Patangopita masiku awiri, boma la Britain lidalengeza kuti Nyasaland iloledwa kutuluka m'chitaganya.

Ulamuliro wawo udaonetsa nkhope ziwiri. Kumayambiriro kwa 1963 adamasula omenyera ufulu amene adali m'ndende kuyambira 1959, monga a James Chikerema ndi a George Nyandoro. M'chaka chomwecho, boma lawo lidakhwimitsa lamulo la chitetezo poika chilango cha imfa chosasinthika kwa opezeka olakwa pa mlandu woponya mabomba a petulo. Koma chimene chipani chidawaikira pampando ndi ufulu wodzilamulira pansi pa malamulo a mu 1961. Pa msonkhano wa ku Victoria Falls pakati pa 1963, umene udakonza zothetsa chitaganya, a Field adapita opanda lonjezo lolembedwa lochokera ku Britain. Pambuyo pake iwo ndi a Smith ankanena kuti nduna ya Britain, a R. A. Butler, idawatsimikizira pakamwa kuti Southern Rhodesia idzalandira ufulu mosachedwerapo poyerekeza ndi maiko awiri a kumpoto. A Butler adakana kuti sadalonjeze zotero.

Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963. Mu Januwale 1964 a Field adapita ku London kukakambirana ndi boma la a Alec Douglas-Home, koma adabwerako chimanjamanja, chifukwa Britain inkafuna kuti anthu akuda ambiri apatsidwe mwayi wovota. Aphungu a chipani chawo adaona kuti mtsogoleri wawo sangalimbe mtima kulengeza ufulu popanda chilolezo cha Britain. Adawakakamiza kutula pansi udindo, ndipo pa 13 Epulo 1964 a Smith adalowa m'malo mwawo. Malawi adalandira ufulu pa 6 Julaye ndipo Zambia pa 24 Okutobala chaka chomwecho. Mu Novembala, a Smith adachititsa riferendamu ina pa nkhani ya ufulu, ndipo pa 11 Novembala 1965 adalengeza ufulu mogalukira Britain. Apo nkuti a Field atachoka kale m'nyumba ya malamulo. Adamwalira ku Salisbury pa 17 Malichi 1969 ali ndi zaka 64.

Funso la amene ayenera kuvota m'madera a mafamu silidathe ndi imfa yawo, ngakhale ndi ufulu wa Zimbabwe mu 1980. Mu Febuluwale 2000, ovota adakana pa riferendamu malamulo atsopano amene boma la a Robert Mugabe lidakonza, ndipo kulanda mafamu a azungu kudayamba posakhalitsa. Antchito a m'mafamu, amene ambiri adali ana ndi zidzukulu za matchona aja, adataya ntchito ndi pokhala, akuganiziridwa kuti adavota mbali imodzi ndi mabwana awo. Lamulo la unzika la mu 2001 lidachotsa ambiri a iwo pa kaundula wa ovota. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 ndiwo adazindikira kuti wobadwira ku Zimbabwe, amene kholo lake lidachokera ku dziko la m'bungwe la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndi nzika yobadwa nayo. Apo nkuti patatha zaka zoposa 50 kuchokera pamene mlimi wa ku Marandellas adapambana chisankho chimene makolo awo adangochionera kumunda.