Chico Mendes, Munthu Amene Anafera Nkhalango

A Francisco Alves Mendes Filho, odziwika ndi dzina lakuti Chico Mendes, anabadwa pa 15 December 1944 kufupi ndi Xapuri, m'cigawo ca Acre, m'dziko la Brazil. Atate ao anali wokama utomoni wa mpira m'nkhalango ya Amazon, ndipo iwonso anayamba nchito yomweyo ali ndi zaka 9. Popeza kunalibe sukulu kumeneko, anadziwa kuwerenga atafika kale zaka ngati 18.

M'zaka za m'ma 1970 boma la asilikari linati citukuko cidzabwera ndi miseu ndi mafamu a ng'ombe. Anthu olemera anagula malo, nagwetsa mitengo, naitentha, napitikitsa mabanja amene anakhalamo zaka zambiri. Mtengo ukakhala wamoyo umayamwa mpweya wa kaboni, koma ukapsa mpweyawo umakwera kumwamba ndi kuonjezera kutentha kwa dziko lonse. Motero moto umodzi unali kulanda cakudya ca amphawi ndi kuononganso nyengo.

A Mendes anakhala mlembi wa bungwe la anchito ku Brasiléia mu 1975. Iwo ndi anzao anayamba kuimirira patsogolo pa odula mitengo, amuna, akazi ndi ana, opanda zida m'manja. Mtsogoleri wao, a Wilson Pinheiro, anaphedwa mu 1980, koma iwo sanabwerere m'mbuyo.

Nzeru yao yaikuru inamveka pa msonkhano wa okama mpira ku Brasília mu 1985. Sanakane citukuko. Anapempha kuti boma lipatule nkhalango zina, anthu azikhalamo ndi kugulitsa mpira ndi mtedza wa m'thengo popanda kugwetsa mitengo, kuti cuma cituruke m'nkhalango yamoyo. Mu 1987 anapita ku Miami kukadandaula kwa Inter-American Development Bank za mseu wa BR-364, ndipo ngongole ya mseuwo inayamba yaimitsidwa. Caka comweco United Nations inawapatsa mphoto ya Global 500.

Eni mafamu anakwiya. Madzulo a pa 22 December 1988 a Mendes anaomberedwa pakhomo pa nyumba yao ku Xapuri, ali ndi zaka 44. Mu 1990 bwalo la milandu linagamula Darci Alves ndi atate wace Darly kukakhala m'ndende zaka 19 aliyense.

Caka comweco boma linapatula nkhalango ya mahekita oposa 900,000, naicha dzina lao. Pakati pa 2004 ndi 2012 kugwetsa mitengo ku Amazon kunatsika kucokera pa maskweya kilomita oposa 27,000 pa caka kufika pansi pa 5,000, cuma ca Brazil cikali kukula. Ngakhale kudula kunadzakweranso pambuyo pace, zaka zimenezo zinatsimikiza zimene wokama mpira wa ku Xapuri anafera: dziko likhoza kulemera nkhalango zace zili ciimire.