Ian Donald

Ian Donald (27 Disembala 1910 – 19 Juni 1987) anali dokotala wa ku Britain woona za uchembere. Amadziwika poyambitsa njira younika amayi oyembekezera ndi makina a ultrasound, omwe amatumiza mafunde a phokoso m'thupi n'kuonetsa chithunzi cha zomwe zili mkati.

Ubwana ndi maphunziro

Donald anabadwira ku Liskeard m'chigawo cha Cornwall. Banja lake litasamukira ku South Africa, iye anaphunzira ku yunivesite ya Cape Town, kenako anakachita za udokotala pa chipatala cha St Thomas's ku London, komwe anamaliza mu 1937. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali dokotala wa asilikali a ndege. Mu 1954 anasankhidwa kukhala pulofesa wa zauzamba ku yunivesite ya Glasgow.

Ntchito yake

Nthawi imeneyo dokotala ankadalira manja ake kapena X-ray kuti adziwe za m'mimba mwa mayi. Mu Julayi 1955, Donald anatenga zotupa zomwe zinachotsedwa kwa odwala n'kupita nazo ku fakitale ya Babcock & Wilcox ku Renfrew. Kumeneko anaziyeza ndi chipangizo chofufuzira ming'alu m'zitsulo, ndipo anaona kuti chotupa cholimba chimabweza mafunde mosiyana ndi chotupa chamadzi.

Pogwirizana ndi injiniya Tom Brown ndi dokotala John MacVicar, anakonza makina oyenera odwala. Madokotala ena ankakayikira mpaka pomwe mayi wina, yemwe anamuganizira kuti ali ndi khansa yosachiritsika, anapezeka kuti ali ndi chotupa chamadzi chabe. Chinachotsedwa ndipo mayiyo anachira. Atatuwa anafalitsa zomwe anapeza m'magazini ya The Lancet mu 1958. Pambuyo pake gulu la Donald linayamba kuyeza mutu wa mwana wosabadwa komanso kuona pomwe nsengwa yagona.

Donald anadwala mtima kwa zaka zambiri ndipo anachitidwa opaleshoni katatu. Anapuma ntchito mu 1976 ndipo anamwalira ku Paglesham m'chigawo cha Essex.

Phindu la ntchito yake

Vuto limodzi lomwe limaonetsa kufunika kwa kuunikaku ndi vasa previa. Apa mitsempha ya magazi ya mwana imadutsa pa khomo la chiberekero popanda chitetezo cha nsengwa kapena chingwe cha mchombo. Mayi samva chilichonse chachilendo, koma nsupa ikasweka mitsemphayo imatha kuduka, ndipo mwana, yemwe magazi ake ndi ochepa, akhoza kumwalira m'mphindi zowerengeka.

Lipoti loyamba la kupezeka kwa vutoli ndi ultrasound mwana asanabadwe linatuluka mu 1987, chaka chomwe Donald anamwalira. Masiku ano madokotala amagwiritsa ntchito Doppler, yomwe imaonetsa kuyenda kwa magazi, makamaka ngati nsengwa yagona m'munsi kapena mayi akuyembekezera mapasa. Vutoli likadziwika msanga, mwana amabadwa pa opaleshoni matenda asanayambe, ndipo ana ambiri otere amapulumuka.