Calvin Coolidge, meya wa tauni ya Northampton

Anzanga, m'mabuku a mbiri yakale dzina la Calvin Coolidge limangotchulidwa kuti anali pulezidenti wa nambala 30 wa dziko la America, basi. Koma ine chimene chimandikoka pa mkuluyu ndi zaka zimene anatha akugwira timaudindo ta m'tauni, anthu akunja kwa dera lake asanamve n'komwe dzina lake.

Anabadwa pa 4 July 1872 m'kamudzi kotchedwa Plymouth Notch, m'chigawo cha Vermont. Bambo ake ankalima komanso anali ndi sitolo. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 12. Atalemba koyamba mayeso olowera ku koleji ya Amherst analakwa, ndipo anachita kukakhalanso pa desiki pa sukulu ina asanamutenge. A Folomu 4 amene mukubwereza, mwamvatu pamenepo. Anamaliza koleji mu 1895, n'kupita ku Northampton, m'chigawo cha Massachusetts, kukaphunzira malamulo. Sanalowe sukulu ya maloya ayi. Ankawerenga mabuku mu ofesi ya maloya awiri, Hammond ndi Field, uku akuwathandiza ntchito, mpaka mu 1897 pamene analoledwa kukhala loya.

Northampton inali tauni yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje wa Connecticut, ya anthu osakwana 20,000. Kumeneku ndiye kumene anayambira ndale, m'chipani cha Republican. Mu 1898 anasankhidwa kukhala khansala, kenako loya wa khonsolo, kenako kalaliki wa makhoti. Mu 1905 anakwatira Grace Goodhue, mphunzitsi wa pa sukulu ya ana osamva ya Clarke. Awiriwa anachita lendi theka la nyumba pa msewu wa Massasoit, akulipira madola 28 pamwezi, mbali inayo mukukhala banja lina.

Pa moyo wake wonse anagwa chisankho kamodzi kokha, ndipo mungaseke kumva mpando wake: komiti yoyang'anira sukulu za m'tauniyo! Akuti ena anamukana chifukwa analibe mwana woti n'kukhala pa sukuluzo. Sanakwiye n'kusiya ndale. Anapikisana nawo pa mpando wa phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo, napambana, nakhala ku Boston mu 1907 ndi 1908.

Umeya anaupeza pa chisankho cha kumapeto kwa 1909. Kwathu kuno meya amasankhidwa ndi makhansala anzake, koma ku Northampton anthu onse ankamuvotera, ndipo mpandowo unali wa chaka chimodzi chokha. Ganizirani, chaka chimodzi, kenako ubwererenso kwa anthu omwewo akakufunse kuti wachita chiyani. Coolidge sankadziwa kusangalatsa anthu pamsonkhano. Anali wamanyazi, wosalankhulalankhula, moti pambuyo pake anamupatsa dzina loti Silent Cal. Ndiye ankangoyenda khomo ndi khomo, kupempha voti kwa munthu mmodzimmodzi. Anali ndi mnzake wosoka nsapato, James Lucey, wochokera ku Ireland, amene ankakonda kucheza naye pamalo pake pa ntchito. Anthu wamba ngati ameneyu ndiwo anamuthandiza, ena mwa iwo a chipani cha Democratic. Anapambana ndi mavoti osakwana 200, ndipo chaka chotsatira anamusankhanso.

Pa zaka ziwirizo, 1910 ndi 1911, anakweza malipiro a aphunzitsi, anabweza gawo la ngongole ya khonsolo, komanso anatsitsako msonkho pang'ono. Zinthu zitatuzi siziyendera limodzi kawirikawiri. Ukakweza malipiro ndalama zimatuluka, ukatsitsa msonkho ndalama zolowa zimachepa, ndiye ngongoleyo ubweza ndi chiyani? Njira imatsala imodzi, yotseka mabowo onse amene ndalama zimathawira. Apa ndiye panagona luso lake, poti anali munthu woumira pa ndalama, za kunyumba kwake ndi za boma zomwe. Kwa ine iyi ndiyo ntchito yake yooneka bwino kuposa zonse, chifukwa mphunzitsi wa m'tauniyo ankatha kuiona m'thumba mwake pakutha pa mwezi.

Zotsatira zake zinayenda mofulumira: seneta wa chigawo, wachiwiri kwa bwanamkubwa, kenako bwanamkubwa wa Massachusetts. Mu September 1919 apolisi oposa 1,000 a ku Boston ananyanyala ntchito pofuna kuti bungwe lawo la apantchito livomerezedwe. Coolidge anatumiza asilikali a chigawo ndipo anakana kuti onyanyalawo abwezeretsedwe pa ntchito. Dziko linamuombera m'manja, koma ine pamenepa mtima wanga uli kwa apolisiwo, poti malipiro awo anali ochepadi. Kutchuka kumeneku n'kumene kunamupezetsa mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti mu 1921. Pulezidenti Warren Harding atamwalira mu August 1923, Coolidge anali kumudzi, ndipo bambo ake omwe, amene anali ndi chilolezo cholumbiritsa anthu, ndiwo anamulumbiritsa usiku pa nyali ya palafini.

Kuumira kumene kunathandiza tauni yaing'ono sikunakwanire dziko lonse. Mtsinje wa Mississippi utasefukira mu 1927, anthu miyandamiyanda n'kusowa pokhala, iye sanapite kukawaona, ndipo ankakayika kutulutsa ndalama zambiri za boma. Anachoka pampando mu March 1929, ndipo pofika October chuma cha America chinagwa. Mpaka lero akatswiri amatsutsanabe ngati iye anali ndi gawo pa kugwako.

Atachoka ku White House anabwerera m'nyumba ya lendi yomwe ija ya pa Massasoit. Anthu obwera kudzamusuzumira atachuluka, anagula nyumba ina yoduka mphepo m'tauni momwemo mu 1930. M'menemo ndimo anamwalirira pa 5 January 1933 ndi matenda a mtima, ali ndi zaka 60, ndipo anakamuika kumudzi kwawo ku Plymouth Notch.