MAMA JULIA CHIKAMONEKA, MAI WA PAMSIKA AMENE ANAGWEDEZA ATSAMUNDA

Mbiri ya ufulu wa dziko lino la Zambia ikamasimbidwa, maina amene amayamba kumveka ndi a amuna: Harry Nkumbula, Kenneth Kaunda, Simon Kapwepwe, Reuben Kamanga ndi anzao. Koma pakati pa akulu-akuluwa panali mai wina wogulitsa zakudya pamsika mu Lusaka, amene sanakhalepo nduna kapena phungu wa Nyumba ya Malamulo. Maiyu ndiye Julia Chikamoneka, amene anthu anamucha Mama UNIP.

Mai Chikamoneka anabadwira ku Kasama ca m'ma 1910, ndipo dzina lao lobadwa nalo linali Julia Mulenga Nsofwa. Atate ao anali msilikali wa Angerezi pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918. Ndi sukulu sanapite nayo patali, pakuti masiku amenewo makolo ambiri anali kuona kuti mwana wamkazi akadziwa mtondo, mtsuko ndi khasu, maphunziro ace atha. M'caka ca 1938 anasamukira ku Lusaka pamodzi ndi amuna ao. Mzindawu unali utangokhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935. Kumeneko Mai Julia anayamba malonda a zakudya pamsika kuti athandize banja.

Tsankho la atsamunda amuna anali kukumana nalo ku nchito, koma akazi anali kukumana nalo pogula ndiwo. M'masitolo ndi m'mabucala ambiri a mu Lusaka munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pakhomo. Anali kuima pamzere panja, padzuwa kapena pamvula, nagulira pa kazenera ka m'mbali. Mkazi wa mzungu anali kulowa nasankha mnofu umene aufuna, pamene mai wakuda anali kupereka ndalama zace nalandira phukusi lokulunga kale, ndipo akafika kunyumba anapeza mafupa kapena nyama yoyamba kununkha. Mai aliyense wa ku Jumbe, ku Masumba kapena ku Msoro adziwa kuti nsima ikafika pamphasa ndi ndiwo zoipa, amene amafunsidwa ndi mkazi. Cifukwa ca ici Mai Chikamoneka sanabvutike kufotokozera anzao a pamsika za ndale. Anali kungowakumbutsa za kazenera kaja.

Iwo analowa cipani ca African National Congress cimene Bambo Nkumbula anayamba kutsogolera mu 1951, nakhala mmodzi wa oyamba kusonkhanitsa amai m'cipanico. Mu 1953 boma la Britain linalumikiza Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'citaganya ca Federesheni, ngakhale kuti anthu akuda anakana. Caka cotsatira, mu 1954, cipani cinalamula kuti anthu aleke kugula m'mabucala a tsankho mu Lusaka. Lamulo lotere silikanagwira nchito popanda akazi, popeza ndiwo anali ogula. Mai Chikamoneka ndi anzao anali kuima pafupi ndi mabucalawo kubweza ofuna kugula, ndipo mabanja ambiri anadyera masamba ndi kapenta kufikira eni malonda atamva kuwawa m'thumba.

Apolisi anawagwira kangapo. Dzina lakuti Chikamoneka linacokera m'masiku amenewa, pakuti ndilo anali kuchula akafunsidwa dzina ndi akapokola. Ndi mau a Cibemba otanthauza kuti cinthuco cidzaoneka, ndipo dzinali linawakanirira mpaka imfa.

Mu Okutobala 1958 Bambo Kaunda ndi anzao anacoka mu Congress nayambitsa cipani ca ZANC, cimene Bwanamkubwa Arthur Benson anatseka mu Malichi 1959, atsogoleri ace nagwidwa. Pamene amuna anali m'ndende kapena m'madera akutali kumene anawapirikitsira, akazi ndiwo anasunga moto kuti usazime. Nyumba ya Mai Chikamoneka ku Kabwata inasanduka malo okumanirapo, ndipo UNIP itabadwa kumapeto kwa 1959 iwo anali m'kati mwace. Usiku anali kuyenda m'makomboni ndi citini ca miyala, kucigwedeza pakhomo ndi pakhomo kuti anthu adziwe za msonkhano. Anthu ambiri sanali kuwerenga nyuzi ndipo analibe wailesi, motero citini cija ndi pakamwa pa maiyu ndizo zinali sukulu yao ya ndale.

Cimene dziko limawakumbukira naco koposa cinacitika mu Malichi 1960, pamene Iain Macleod, nduna ya boma la Britain yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Angerezi, anafika mu Lusaka. Pa bwalo la ndeke panasonkhana khamu la anthu okana Federesheni. Mai Chikamoneka, pamodzi ndi Mai Emelia Saidi, Mai Mandalena Mumba ndi amai ena, anabvula zobvala za kumtunda naima pamaso pa mlendoyo mabere ali pamtunda, misozi iri m'masaya.

Mzungu mwina anaona ngati misala, koma munthu wakuda aliyense amene analipo anamva tanthauzo lace. Pa mwambo wathu, mai wamkulu sabvula pagulu cifukwa ca masewera. Akaonetsa bere limene linayamwitsa, ndiye kuti mau onse atha, ndipo amene wamufikitsa pamenepo ali ndi mlandu waukulu pamaso pa amoyo ndi pa mizimu. Amaiwa analibe mfuti, analibe voti, ndipo ambiri a iwo Cingerezi sanali kucidziwa. Anatenga cida cimene mwambo unapatsa mai aliyense, nacionetsa kwa nduna ya Mfumukazi. Anthu amasimba kuti Macleod naye anagwetsa misozi. Federesheni inatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 24 Okutobala 1964 Zambia inalandira ufulu wodzilamulira.

Koma pogawana mipando akazi anatsalira. Pa masankho a mu Januwale 1964, mwa aphungu 75 akazi anali atatu cabe: Mai Nakatindi Yeta Nganga, Mai Ester Banda ndi Mai Margret Mbeba. Mai Chikamoneka anapitiriza kutumikira m'gulu la amai a UNIP, ndipo mu 1969 boma linawapatsa mendulo yaulemu ya Order of Distinguished Service. Anamwalira pa 20 Malichi 1986, naikidwa m'manda mwa ulemu wa boma. Panapita zaka 50 cilandirire ufulu kuti mkazi akhale waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, pamene Mai Inonge Wina anasankhidwa mu 2015. Cimene cinatsekera amai ambiri a nthawi ya Mai Chikamoneka khomo la Nyumba ya Malamulo sicinali kusowa nzeru kapena mantha ai, koma kusowa sukulu ndi maganizo akuti malo a mkazi ndi ku mafuwa.

Kuno ku cigwa ca Luangwa, Akunda amawerenga mtundu kucokera kwa mai, ndipo anamkungwi akhala aphunzitsi a atsikana kuyambira kale. Ulemu wa mkazi suli wacilendo m'midzi ya Mfumu Jumbe. Komabe mwana wamkazi ndiye amayamba kucotsedwa pa sukulu ndalama zikabvuta, ndiye amagona pa nsanja kuinga njobvu m'munda atatunga kale madzi ndi kuphika, ndipo ndiye amakwatitsidwa msanga. Kuyambira mu 1997 lamulo la boma limalola mtsikana amene watenga pakati kubwerera ku sukulu atabereka, ndipo kuyambira mu 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere kufikira Giredi 12. Kazenera ka m'bucala kanatsekedwa ndi amai a pamsika monga Mai Chikamoneka. Zoti mwana wamkazi alowe pakhomo la sukulu nakhalamo kufikira atamaliza, ziri m'manja mwa makolo, amalume, anamkungwi ndi mafumu a m'midzi yathu.