Alan Turing ndi Makina Osintha Zilembo

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Sunnyside, ndipo agogo anandipatsa buku lawo lakale la Chinyanja kuti ndiwakopere pa kompyuta m'kalembedwe ka masiku ano. M'bukumo chimanga analemba cimanga, ndipo ntchito analemba nchito. Ndinalemba kapulogalamu kakuti c aliyense asanduke ch, koma taonani, nchito inasanduka nchhito! Nditabwerera kusukulu kuno, aphunzitsi athu a masamu anandiuza kuti ndiwerenge za Alan Turing. Tsono ndifuna kukufotokozerani, anzanga, za moyo wake.

Turing anabadwira ku London pa 23 June 1912. Iyenso anaphunzira sukulu yogonera komweko monga ife, ku Sherborne. Poyamba sukuluyo m'chaka cha 1926 sitima sizinali kuyenda pakuti antchito anali atanyanyala ntchito, kotero kuti anapalasa njinga mamailosi pafupifupi 60 kuchokera ku Southampton.

M'chaka cha 1936, ali ku King's College ku Cambridge, analemba za makina a m'maganizo chabe. Makinawo awerenga chilembo chimodzi pa kalamba kakatali, nachifufuta, nalemba china potsata lamulo, nasunthira patsogolo kapena m'mbuyo. Iye anaonetsa kuti makina otere angathe kugwira masamu alionse okhala ndi lamulo lotsatika, ndipo maganizo amenewa ndiwo maziko a kompyuta. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwira ntchito ku Bletchley Park, kumasulira mauthenga obisika a Ajeremani olembedwa ndi makina a Enigma, amenenso anali osinthanitsa zilembo.

Mathero ake ndi omvetsa chisoni. M'chaka cha 1952 anapezeka wolakwa pa mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake, umene unali mlandu ku Britain masiku amenewo. Anamwalira pa 7 June 1954 ali ndi zaka 41 zokha. Mfumukazi Elizabeth II inamkhululukira mu 2013.

Nditawerenga zonsezi ndinaona kulakwa kwanga. Tsopano kapulogalamu kanga kayenda monga makina a Turing, chilembo chimodzi chimodzi. Kakapeza c kayang'ana chilembo chotsatira: chikakhala h, kalemba tch m'malo mwa ziwirizo, chikapanda kutero, kalemba ch. Ndipo sikabwereranso pa zimene kalemba kale. Tchuthi chikubwerachi agogo adzalandira buku lawo.