Samuel Josia Ntara, Mlembi wa Mbiri ya Acewa

Ana ambiri a ku Kanini ndi a m'makomboni ena a ku Ndola ndi ku Kitwe anabadwira kuno ku Migodi, kutali ndi midzi ya makolo ao. Nanga mwana wotere adzadziwa bwanji kumene mtundu wace unacokera? Tiyeni timve za munthu wina amene anasamala kwambiri za cinthu cimeneci.

Samuel Josia Ntara anabadwa m'caka ca 1905 m'dziko limene lero licedwa Malawi. Atate wace anali mphunzitsi wa Misyoni, ndipo iyenso atakula anagwira nchito yomweyo.

Tsiku lina anamva kuti bungwe lina la ku London, losamala za zinenero za mu Afirika, lapanga mpikisano wa kulemba mabuku. Iye analemba buku la Nthondo, nalandira mphotho. M'bukumo muli nkhani ya mwana wa m'mudzi amene anakula, napita kutali kukafuna nchito, nabwerera kwao, nalowa ufumu. Bukuli linasindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo m'caka ca 1934 Cullen Young analimasulira m'Cingelezi. Motero anthu a kutsidya la nyanja anawerenga za miyambo ya Acewa.

Koma nchito yace yoposa inali ina. Masiku amenewo mbiri ya Acewa inali m'mitima ya nkhalamba, ndipo nkhalamba ikamwalira, zambiri zimene inadziwa zinali kupita nayo kumanda. Cifukwa cace Ntara anafunsa akuluakulu, namvetsera mofatsa, nalemba zimene anamuuza za Kalonga, za Undi, za Mkanda ndi za mafumu ena. Umo ndimo linayambira buku la Mbiri ya Acewa, limene linamasuliridwa m'Cingelezi m'caka ca 1973. Analembanso za moyo wa Msyamboza, mfumu ya ku Dowa. Ntara anamwalira m'caka ca 1976.

Mtundu uli wonse uli ndi ulemu wace. Akhmer a ku Cambodia popatsa moni aphatikiza manja nawerama; ife tigwada kapena kuomba m'manja pamaso pa akulu. Zotere ziphunziridwa pakhomo, monganso mbiri ya makolo.

Inunso mungacite monga anacitira Ntara. Madzulo ano muwapatse moni waulemu atate, amai kapena agogo anu, ndipo muwafunse dzina la mudzi wanu, la mfumu yanu ndi mfunda wanu. Zimene akuuzeni muzilembe m'kope, kuti zingaiwalike.